A Dolores Pawlak, Amene Anakana Kusaina

Lachiwiri tinaika m'manda a Dolores Pawlak, ndipo Bambo Mfumu apempha ine Irene, amene ndinkaimba ndi malemuwa m'kwaya, kuti ndilembe mawu ochepa m'kalata ya parishi. Ndilemba, koma ena mwa inu simukondwa nawo.

Anabadwa mu 1941 kuseri kwa fakitale ya zikopa, mumzinda wathu uno wa ku Wisconsin. Mayi awo atafa ziwalo, iwo anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zinayi n'kuyamba kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Amuna awo atamwalira, analowa ntchito pa kampani yosamalira okalamba m'makomo, yomwe inkalipidwa ndi khonsolo. Mwini wake mukuwadziwa, a Gerald Stroik, a pa benchi ya kutsogolo aja.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankasamalira a Eugene Bartz, mkulu wosaona wopanda m'bale, amene sankalola munthu wina aliyense kuwameta ndevu.

Kenako khonsolo inakhazikitsa lamulo loti kampani iliyonse yolandira ndalama za boma pa ntchito yotereyi izikhala pansi n'kukambirana ndi bungwe la apantchito. A Stroik ndi anzawo anathamangira kukhoti. Maloya awo ankafuna wantchito wokhulupirika woti alumbire kuti a bungwe akuopseza anthu. Anasankha a Dolores, poganiza kuti mayi woyenda ndi kolona sangakanire bwana.

A Dolores sanali m'bungwemo, misonkhano yake ankati ndi phokoso chabe. Koma a Stroik atawapatsa pepala la lumbirolo, analiwerenga kawiri n'kulibweza.

"Bwana, ine palibe anandiopsezapo. Ndilumbire bwanji pamaso pa Mulungu?"

"N'kusaina chabe, Dolores. Muwaganizire a Eugene."

Sanasaine. Sabata isanathe ntchito inatha, ndipo anawakumbutsa lamulo la kampani loti wochotsedwa asapondenso pakhomo pa wodwala. Mlandu a Stroik anapambanabe. Kuno kutchalitchi, inu amene munkakazinga nawo nsomba za Lachisanu m'Lenti munawafulatira, poopa kuti denga latsopano lomwe a Stroik analonjeza lithawa. Ndinkaona, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Uku a Eugene anayamba kukana chakudya, ndevu zitakula ngati tchire. A Dolores atamva, anapempha wansembe kuti awaike m'gulu la opereka Ukalistia kwa odwala. Lamlungu lililonse Misa ikatha ankakwera basi, kachikwama ka Ukalistia kali pakhosi. Akawalandiritsa a Eugene ndi kumaliza mapemphero, ankafunditsa madzi n'kuwameta.

Kampani inawalembera kalata yoopseza. A Stroik anachita kuwaimitsa pakhomo la tchalitchi anthu akuona, n'kuwauza kuti mwano wawowo akaufotokoza kukhoti. A Dolores anagwira kachikwama kaja.

"Ine ndimangoperekeza, bwana. Mukawasumire Eni ake ali umuwa."

Kalata ina sinabwerenso. A Eugene anakhala zaka zina zitatu, ndipo anamwalira ali ometedwa bwino, a Dolores atawagwira dzanja.

A Dolores anatsuka mbale m'lesitilanti mpaka miyendo inakana. Sindinawamvepo akunyoza a Stroik. Kunyozako ndinkawachitira ndine, iwo n'kumandidula: "Iwe Irene, pakamwa pomwepo ndi pomwe ulandirire Ambuye mawa."

Anatsikira kulichete mwamtendere Loweruka masana, atadzozedwa mafuta, kolona ali m'manja. Nkhata ya maluwa yaikulu kuposa zonse inachokera kwa a Stroik, ndipo zomwe analembapo sindinawerenge.

M'chikwama chawo cha Lamlungu tinapezamo lumo ndi kaburashi kometera. Taziika patebulo la pakhomo la tchalitchi, pamodzi ndi maina a odwala asanu ndi awiri opanda wowayendera. Inu munawafulatira aja, denga lanu munalipeza, simukunyowa. Lamlungu lino wina wa inu anyamule lumolo.