Ndinawaweruza Chifukwa cha Chibwibwi

Inu owerenga, dzanja limene lalemba izi ndi lomwe linathyola nsagwada za munthu wosalakwa. Tsikulo sindinaledzere, ndipo munthuyo sanandiputepo. Chinandipusitsa ndi mafilimu oseketsa, ndipo ndikuchita manyazi kunena zimenezi ine bambo wa ana anayi.

Makolo anga anatsika kumtunda kudzalima thonje ku Nsefu, ine n'kukulira konkuno. Nditagula foni yaikulu ndinazolowera kukalowetsamo mafilimu ku Mfuwe, makamaka aja a wapolisi wofufuza milandu wopusapusa, koma amene pomaliza amagwira wakuba. M'mafilimu amenewa wakuba sasowa. Amakhala wachimidzimidzi, wa maso ofiira, ndipo akafunsidwa amachita chibwibwi. Wapolisi uja amandandalika anthu n'kulamula kuti aliyense anene katatu mofulumira kuti sanabe. Amene lilime lamukola amalandira mbama, ife n'kuseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinkatsanzira mayendedwe ake ndi mafunso ake tikamasewera nsolo, mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Bwana Ofisa. Dzinalo linandikwera m'mutu.

Tsiku lina m'mawa, mbozi zitalowa m'thonje, ndinapeza sipuleya yanga yopopera mankhwala palibe pakhonde pomwe ndinaisiya. Popanda iyo munda wonse ukanatha. Mkazi wanga anati ndiyambe ndafunsa abale, ine ndinamuuza kuti za milandu azisiyira eni ake. Ndinaitana amuna asanu amene anali pafupi n'kuwaimika pansi pa mtengo wa mvunguti. Mmodzi mwa iwo anali a Yotamu, msodzi wa mtundu wachikunda amene ankadutsa pakhomo pathu m'mawa uliwonse ndi dengu la nsomba. Maso awo anali ofiira chifukwa cha utsi wowambira nsombazo, ndipo chibwibwi anabadwa nacho. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe, nsomba zawo ndinali nditadya zaka zambiri.

Poyamba zinali ngati masewera. Anthu anasonkhana, anayi aja ananena katatukatatu kuti sanabe uku akuseka. Itafika nthawi ya a Yotamu, maso onse ali pa iwo, mawu anawakakamira pakhosi. Anangoti, “Si… si… si…” Sindinawalole kumaliza. Ndinakuwa kuti, “Mwaona? Case closed, wakuba ndi uyu!” Kenako ndinawaomba mbama monga amachitira mufilimu, ndikuyembekeza kuti anthu aseka.

Sanaseke. Wina anawatchera mwendo, anagwa chagada, nsomba zinamwazika mumchenga. Amene mbuzi yake inasowa chaka chatha anaikumbukira pomwepo, wa nkhuku nayenso chimodzimodzi. Zibakera ndi mateche zinawagwera ngati mvula. M'malo moletsa, ine ndinatola mpini wa khasu n'kuwamenya nawo kumaso ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva fupa likuthyoka, mano awiri anagwera pafupi ndi phazi langa. Ankayesetsabe kumaliza liwu lija, koma mkamwa munali magazi okhaokha. Mufilimu womenyedwa amadzuka n'kuthawa moseketsa. A Yotamu sanadzuke.

Tili pomwepo mlamu wanga Lazaro anatulukira pa njinga, sipuleya ili kumsana. Anati, “Alamu, ndabweza pampu yanu. Ndinaitenga 05 hours m'bandakucha, sindinafune kukudzutsani. Nanga apa chachitika n'chiyani?” Anthu anayamba kuzemba mmodzimmodzi, ndinatsala ndekha mpini uli m'manja. Ndi Lazaro yemweyo amene ananyamula a Yotamu kupita nawo kuchipatala.

Apolisi enieni atandifunsa chimene ndinamenyera munthu, Bwana Ofisa uja lilime linamukanika. Ndinangoti ndi, ndi, ndi, thukuta lili kamukamu. Wapolisiyo anaika cholembera pansi n'kudikira mpaka ndinamaliza. Sanandiombe mbama, sananditche wabodza. Kunena zoona, kudikira kumeneko kunandipweteka kuposa zaka ziwiri zimene ndinakhala kundende.

Nditatuluka ndinapita kukapepesa kwa a Yotamu. Nsagwada zawo zinapola mokhota, diso lakumanzere silionanso, ndipo tsopano amene amayenda ndi nsomba m'midzi ndi akazi awo. A Yotamu ndinawapeza akusoka ukonde. Ndinagwada n'kunena kuti, “Mwaswera bwanji, a Yotamu?” Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, anayang'ana dzanja langa, n'kutsekanso. Akazi awo anandiuza kuti chichitikireni zija salankhulanso ndi munthu wakunja. Ndinabwerera kunyumba ndikulira ngati mwana.

Inu owerenga, sindikuti kuseka n'kulakwa. Koma filimu ikamakuonetsani tsiku ndi tsiku kuti wakuba ndi wachibwibwi, wakumudzi kapena wa mtundu wakutiwakuti, dziwani kuti ikukudzalani chinthu mumtima, ndipo chidzamera tsiku limene katundu wanu adzasowe. Wosewera mufilimu amachapa magazi abodza n'kupita kwawo, koma mnansi wanu magazi ake ndi enieni. Chinthu chikasowa, yambani mwafunsa a m'nyumba mwanu. Ndipo munthu mawu akamukakamira, chonde dikirani amalize. Ine ndikanangodikira pang'ono pokha, a Yotamu akanati sindinabe.