Thanki ya a Magalasi

Pamsewu wawo aliyense ankawatcha a Magalasi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ntchito yawo inali yodula magalasi ndi kuika mawindo m'nyumba za anthu. Zala zawo zinali zipsera zokhazokha, ndipo m'thumba la malaya simunkasowa tepi yoyezera ndi kachidutswa ka choko. Mowa sankamwa, mpira sankaonera. Mkazi wawo, amene anali telala, ankati bola akanamamwa, poti woledzera kukacha mowa umamuthera, koma matenda a nsomba satha.

Matendawo anawatengera kunyumba ya dokotala wina wa mano, kumene anapita kukasintha galasi la chitseko. Pabalaza panali thanki yotenga khoma lonse. M'menemo munkayandama nsomba yasiliva, yaitali ngati mkono, ya tindevu tiwiri pachibwano. Pansi pamchenga panagona zina ziwiri zozungulira ngati mbale, zamawangamawanga, za mchira wa mbola. Dokotalayo anati yaitaliyo ndi arowana, zapansizo ndi masitingireyi a m'madzi opanda mchere. Anagwira chiwala pamwamba pa madzi, nsomba ija n'kudumpha, chiwala kwaa! chapita. Tsiku limenelo a Magalasi anadula galasi la chitseko molakwika kawiri.

Mwezi usanathe anagula kamwana ka arowana, kotalika ngati chala, n'kukaika m'kathanki pamwamba pa kabati. Mayi wogulitsa nsomba zoweta, munthu wosadziwa kunyengerera kasitomala, anawauza poyera.

"Bambo, aka pakatha chaka simukazindikira. Ndipo masitingireyi sindikugulitsani ndisanaone thanki ndi maso anga. Mulitali mamita awiri ndi theka, mulifupi mita yathunthu. Nsombazi zimakhala pansi, zimafuna bwalo."

Atafika kunyumba anakankha sofa, nagwada pansi, n'kujambula thankiyo ndi choko pabalaza. Mzere wina unadutsa pansi pa makina osokera.

"Abambo, ndiye ine ndizisokera kuti?" anafunsa mkazi wawo.

"Kuchipinda kuli malo."

"Kuchipinda kopanda kuwala kuja? Zimbale zanuzo zikhale pawindo, ine ndizilowetsa ulusi mumdima?"

A Magalasi anafufuta, najambulanso kukhoma lina. Kumeneko chitseko cha kukhitchini chinkangotseguka theka. Anajambulanso kachitatu. Kwa milungu iwiri alendo ankalowa m'nyumbamo akulumpha mizere ngati ana pamasewera.

Vuto lina linali masitepe, popeza ankakhala pamwamba m'nyumba yosanja. Kuti aone ngati galasi lalikulu lingakhote pakona, anadula pulayiwudi ya muyeso womwewo n'kukwera nayo. Inakakamira pakonapo, kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Mayi wa khomo loyandikana ndi lawo anaima pamwamba, mwana kumsana, akuchedwa kusikelo, mpaka a Magalasi anachita kuicheka ndi sowo pomwepo, thukuta kamukamu, anthu akusuzumira m'makomo.

"Ndilowetsera pawindo ndi zingwe," anatero. "Mawindo a nyumba ino ndinaika ndine."

Lamlungu kunabwera mkamwini wawo, amene ankayang'anira ntchito za zomangamanga. Anaona choko chija, nagogoda pansi ndi chidendene, n'kuyamba kukanda m'mutu.

"Bambo, pepani, koma apa pakhala madzi oposa matani awiri. Onjezani galasi, mchenga ndi chitsulo chokhazikapo. Pansi pathu pano pali banja la anthu asanu."

"Tsiku lomwe munatenga mwana wanga, m'chipinda muno munadzaza anthu makumi atatu. Inagwa nyumba?"

"Anthu aja anapita kwawo, bambo. Madzi sapita."

A Magalasi anatuluka. Anakakhala pamasitepe mpaka mkamwiniyo atatsanzika. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti ankadziwa kuti mnyamatayo sakunama. Pobwerera anapeza mkazi wawo akukolopa, choko chonse chapita.

Uku nsomba ija inkakula ngati yatumidwa. Inafika poti pokhota m'kathanki kaja inkachita kudzipinda, mchira ukukhula galasi. Tsiku lina inadumpha n'kugunda chivundikiro, mamba awiri n'kuthothoka. A Magalasi anawatola m'madzi, nawayang'ana pachikhato nthawi yaitali, kenako anati basi, thankiyo akaimanga kushopu.

Shopu yawo inali chipinda chimodzi chachitali, pansi pa simenti yolimba, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wokonza mafiriji. Wowotchererayo anawapangira chokhazikapo. Iwo anadula galasi lochindikala ngati chala chachikulu, namata ndi guluu mosamala kuposa ntchito iliyonse imene anagwirapo, n'kudikira masiku khumi kuti liume. Atathira madzi, anayendetsa pepala louma m'mbali zonse. Sipanatuluke dontho ngakhale limodzi. Anasefa mchenga wofewa katatu kuti usadzakande mimba za masitingireyi, naika pampu, sefa ndi chotenthetsera madzi. Kenako anavala malaya oyera kukaitana mayi wogulitsa nsomba uja.

Mayiyo sanayamikire n'komwe. Anangotambasula dzanja kupempha tepi.

"Mulifupi masentimita makumi asanu ndi awiri," anatero. "Ndinati mita."

"Mayi, ndikanaika mita, ndizidutsa pati ndi magalasi a makasitomala? Taonani nokha kanjiraka."

"Nsomba sidziwa za kanjira kanu. Ikakula izikhota bwanji? Nanga kuwotcherera kukugwedeza khomaku? Arowana ikhala. Zinazo ayi."

"Ndamanga ndi manja angawa miyezi inayi!"

"Mwamanga bwino. Koma ndi yopapatiza."

Anawabwezera tepi yawo n'kumapita. A Magalasi anatseka shopu dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

Arowana inasamukira m'thanki yatsopano, ndipo inkayenda uku ndi uku pamwamba pa mchenga wopanda kanthu. Anthu odutsa anayamba kuima pakhomo kuionerera, ena mpaka kutsekereza makasitomala. Mmodzi mwa iwo anali mwini malole, bambo wa nyumba yaikulu yapansi, yopanda masitepe. Anafunsa mafunso ambiri, ndipo a Magalasi, poti nkhaniyo inali itawadzaza pakhosi, anamufotokozera zonse: za bwalo, za mchenga, za mbola, za chivundikiro cholemera.

"Ndiye mundipangire ineyo," anatero mwini malole. "Malo ndili nawo."

A Magalasi anafuna kukana, koma ntchito ndi ntchito. Anaimangira kunyumba kwa bamboyo, mamita atatu mulitali, mita ndi kachidutswa mulifupi. Mayi wogulitsa nsomba anayeza, nagwedeza mutu movomereza, ndipo madzi atakhazikika anabweretsa masitingireyi awiri m'chibeseni chotsekera. A Magalasi ndi amene anawatsitsira m'madzi, poti mwini nyumba ankaopa mbola. Nsombazo zinatsetsereka mpaka pansi, zinagwedeza m'mbali mwake, n'kudzikwirira mumchenga, maso okha ali panja.

"Zimadya chiyani kodi?" anafunsa mwini malole, maso ali pafoni.

A Magalasi anamulembera papepala, nalimata pambali pa thanki. Anaimabe pamenepo mpaka wantchito wa m'nyumbamo anawapempha mwaulemu kuti asunthe pang'ono, akufuna kukolopa madzi amene anatayikira pansi.