Pasiwedi Inapita ndi Matemba

Ndine amene ndinatseka laputopu ya malemu bambo anga, ndipo tsiku limene ndinafunsidwa ndinakana. Kunyumba kwathu mpaka lero amakhulupirira kuti inatsekedwa ndi anthu a ku Joni. Ndalemba izi chifukwa kulemba n'kumene ndimatha, kuyankhula kumandivuta chiyambire ndili mwana. Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga amanyazi ngati ine, ndimvereni mpaka kumapeto.

Kwathu ndi kwa Kawinga ku Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Bambo anamwalira ku Joni ine ndili Fomu 1, ndipo anaikidwa komweko. Kumudzi kunangofika chikwama chawo. Munali malaya atatu, mkeka wawo wopempherera, ndi laputopu yakale yakuda, yobenthuka pakona. Pakhomo tinatsala atatu: amayi, ine, ndi mng'ono wanga Patuma amene anali Sitandade 6.

Wodziwa kuiyatsa ndinali ine ndekha, choncho amayi anaipereka m'manja mwanga. Tinkaitchaja pa sola imene bambo anatumiza adakali moyo. Ine ndili ndi chizolowezi cholemba m'kope zonse zimene zandichitikira pa tsiku, ngakhale zimene ndalota. Laputopu itabwera ndinayamba kulembamonso makalata opita kwa bambo. Ndinkadziwa kuti sadzawawerenga, koma ndikagwira mabatani amene zala zawo zinafufuta zilembo, ndinkamva ngati ali pafupi.

Tsiku lina msuweni wanga Asiyatu anabwera ndi anzake kudzaonera filimu. Ndikuchokera kumjigo ndinawapeza akuseka. Anali atatsegula kalata imodzi, akuiwerenga mokweza ndi mawu onditsanzira. Sindinawakalipire. Ndinatula ndowa n'kukalira kuseri kwa bafa.

Kusukulu aphunzitsi anali atationetsa kuti ukangoyatsa kompyuta n'kudina msanga batani la F2, umalowa pamalo ena abuluu otchedwa bayosi. Anati kumeneko n'kuchipinda kwa makinawo, ndipo ukaika pasiwedi kumeneko palibe angadutse. Anatichenjezanso kuti tisamaseweretseko. Chenjezolo ndinalisiya pakhomo la kalasi. Madzulo omwewo ndinadina F2, ndinalowa, ndinaika pasiwedi yaitali yosakaniza zilembo ndi manambala, yopanda dzina la munthu kapena chaka chobadwa, monga tinaphunzirira. Ndinailemba patsamba lomaliza la kope langa.

Kopelo ndinali nditalibisa mochenjera, mmene ndinkaganizira ine. Pachikuto ndinalemba kuti "Masamu, Sitandade 8", n'kuliika pakati pa makope akale a kupulayimale m'katoni ya pansi pa bedi. Ndani angatsegule masamu a chaka chatha?

Pasiwediyo ndinangoigwiritsa ntchito katatu, nthawi zonse ndikuonera m'kope. Kenako mvula inadula, chimanga chinauma chisanamasule, ndipo njala inalowa. Inu owerenga amene munali kuno chaka chimenecho mukudziwa. Tinkaphika mango osapsa, tinkapita kudambo kukazula mizu ya nyika, tsiku labwino tinkamwa phala la gaga. Sola inagulitsidwa. Laputopu inabwerera m'chikwama ndipo inakhala mmenemo miyezi yambiri. Pasiwedi inachoka m'mutu mwanga, koma sindinade nkhawa, poti inali m'kope.

Amayi anayamba kupikula matemba kunyanja n'kumakagulitsa timilu pamsika. Tsiku lina nditaweruka ndinakoka katoni ija ndipo inali yopepuka. Ndinathamangira kumsika. Ndinapeza amayi atakhala pathumba, pambali pawo pali mapepala ong'ambidwa bwinobwino, atawapsinja ndi mwala. Anali a Chingerezi ndi a Sayansi. Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Makope ako akale aja andithandiza, mwanangu. Lamasamu lija latha kummawa, linali ndi mapepala olimba."

Ndinati chabwino. Pobwerera ndinkayenda ndikuyang'ana pansi, kutola kapepala kalikonse ka m'njira. Ndinapeza kamodzi kokha pafupi ndi mzikiti, kali ndi madontho a mafuta a nsomba. Panali dzanja langa, pamene ndinalemba kuti ndalota bambo atabwera ndi nsapato za Patuma. Tsamba lomaliza sindinalione. Linapita ndi matemba kunyumba ya munthu amene sindimudziwa, ndipo mwina anakolezera moto.

Patapita milungu iwiri kunabwera amjomba, alongo awo a amayi, amene amakhala kwa Nsamala ku Balaka. Anabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba, mayi wina m'tauni ya Balaka ankafuna mtsikana wolera mwana, ndipo Patuma akanakadya kumeneko. Yachiwiri, mlimi wina wa mthirira ku Rivirivi ankafuna laputopu ya mwana wake wopita kukoleji, ndipo anali wokonzeka kupereka matumba awiri a chimanga ngati ikuyaka bwino. Amayi sanachedwe kuyankha. Anati, "Achimwene, tengani chamakinacho. Chimanga chikabwera, Patuma sachoka pano."

Ndinali pomwepo, ndikusankha gaga m'lichero. Ndikanayankhula. Koma ndinadziuza kuti mwina pasiwedi inafufutika yokha pokhalitsa, mwina wokonza adziwa njira. Ndinkaopa nkhope ya amayi, ndinkaopanso kuti andifunsa chimene ndinkabisa.

Amjomba ananditenga ine kuti ndikaonetse mmene laputopuyo imayakira. Tinakwera lole ya nsomba mpaka pa Liwonde, kenako minibasi. Ku Balaka amjomba anandipititsa kwa bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Aliyense ankangowatchula kuti a Injiniya. Mlimi uja anatipeza pomwepo atavala chipewa cha mlaza, ndipo matumba awiri aja anali atawasungitsa m'sitolomo. Ndinawaona ndi maso anga, atatsamira khoma.

Poyamba laputopu sinayake n'komwe. A Injiniya anaseka n'kuti, "Agogo awa agona tulo tatikulu, tiwadzutse mwaulemu." Anapeza kuti chingwe cha chaja chinadyedwa ndi makoswe, analumikiza chawo. Anachotsa batire lalikulu lomwe linali litatupa. Anamasula kunsi, anapemerera fumbi, munatuluka ndi mphemvu zakufa. Anazula kachitsulo kena kobiriwira, anakapukuta mano ake ndi labala ya pensulo n'kukabwezera. Atadina batani, kachimphepo ka mkati kanalira ndipo sikirini inawala. Amjomba anawomba m'manja n'kuti Alhamdulillah.

Kenako pakati pa sikirini panabwera kabokosi kopempha pasiwedi.

A Injiniya anayesa kudina F2, kabokosi kanabwera. Anayesa F12, anayesa mabatani ena, chimodzimodzi. Anazimitsa, anamasulanso, anachotsa kabatire kakang'ono kozungulira ngati batani la jekete. Anati makompyuta ambiri ukawachotsa kameneka amaiwala zonse. Tinadikira mpaka adhana, kuitana kwa kumzikiti kwa masana, inamveka. Atabwezera n'kuyatsa, makinawo anali ataiwala tsiku ndi nthawi, koma pasiwedi sanaiwale. Analemba mawu ongoyerekeza katatu ndipo panatuluka manambala. Anawalowetsa pafoni yawo, foni inawapatsa mawu ena otsegulira, koma nawonso anakanidwa.

Anapukuta thukuta n'kufotokoza kuti pamtundu umenewu pasiwedi imakhala m'kachipangizo kakang'ono komatidwa pabodi ya mkati mwa laputopu, ndipo makina okafufutira ali ku Blantyre kwa mnzawo. Mlimi uja anati zimenezo si vuto, iye angathe kusiya thumba limodzi lero n'kudikira, bola adziwe chinthu chimodzi. Anati, "Mwati yakhala ikuyaka kumudzi. Nanga waitseka ndani? Ine sindifuna mwana wanga akagwidwe ndi katundu wakuba kukoleji."

A Injiniya anatembenukira kwa ine, ndipo anafunsa mofatsa ndithu. "Chemwali, ndinu mumaigwiritsa ntchito. Simunaikemo kenakake? Nenani, si mlandu. Ana asukulu amatero tsiku ndi tsiku."

Inu owerenga, pakhondepo panali patadzaza anthu. Panali akabaza, amayi ogulitsa nthochi, ndi ena ongodutsa. Onse ankayang'ana ine. Ndinakumbukira kuseka kwa Asiyatu. Ndinaona kuti ndikavomera andifunsa chifukwa, kenako kope, kenako makalata a bambo, pamaso pa anthu onsewo. Ndinayang'ana zala za kumapazi anga n'kunena kuti, "Iyayi."

Liwu limodzi lokhalo. Wakabaza wina anati, "Za ku Joni izi, mwiniwake waitseka ali komweko!" Anthu anaseka. Amjomba anapsa mtima, analumbira kuti alamu awo sanabepo ngakhale singano, koma pamene ankakweza mawu m'pamene anthu ankakhulupirira kwambiri. Mlimi uja sanakangane ndi munthu. Anaitana njinga ziwiri, anakweza matumba ake, anatsazika mwaulemu n'kumapita. Ndinaona chimanga pang'ono chikutayikira pansi pamsoko wa thumba, nkhuku za pamsika n'kumatola.

A Injiniya anatenga sikirini ndi kachitsulo kobiriwira kaja kuti akaike m'makina ena, ndipo anatipatsa ndowa imodzi ya gaga. Chotsalacho anatibwezera m'jumbo. Pondipatsa anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti ankadziwa.

Gagayo anatha sabata isanathe. Lachisanu lotsatira amjomba anabwera kudzatenga Patuma. Ndinamuthandiza kupinda madiresi ake awiri. Yunifolomu anaisiya pamsomali, anati akaitenga akadzabwera. Tikumuperekeza kumsewu anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achemwali, anthu a ku Joni ndi oipa eti? Atitsekera chimanga chathu." Ndinati eya.

Papita nthawi tsopano. Mvula inabwerera, tinakolola pang'ono, koma Patuma sanabwerere kusukulu. Mayi wa ku Balaka uja anabereka mwana wina, ndipo akuti sangathe popanda iye. Patuma anabwera pa Idi atatalika, manja atakhakhala, ndipo nditamupatsa buku kuti awerenge ankatsata ndi chala ngati mwana wa Sitandade 3. Yunifolomu ija siingamukwanenso. Chimene chimandipweteka china n'chakuti dzina la bambo linadetsedwa. Amayi salitchula pa nkhaniyi, koma tsiku lina ndinawamva akufunsa amjomba motsitsa mawu ngati n'zotheka kuti malemu anaipeza laputopu ija molakwika. Munthu amene ndinkamulembera makalata achikondi ndi yemweyo ndinamusandutsa wakuba.

Chigoba cha laputopu chili pansi pa bedi. Nthawi zina ndimatenga pepala n'kumayesa kukumbukira. Ndikudziwa kuti munali 7 ndi chilembo cha K. Kwinako kulibe, ndipo ngakhale nditakumbukira, palibenso sikirini yoti ndilembepo.

Choncho ndikupempheni, inu owerenga. Pamalo abuluu aja musaikepo pasiwedi chifukwa chopsa mtima kapena manyazi, makamaka ngati makinawo ndi a banja lonse. Ngati mwaika, uzani munthu mmodzi wamkulu, ndipo musaisunge papepala limodzi lokha. Chinthu chimene mumachikonda musachiveke chikuto cha chinthu chotha ntchito, chifukwa pa njala chilichonse chotha ntchito chimapezeredwa ntchito. Koma chachikulu, mukafunsidwa pamene yankho lanu lingapulumutse wina, yankhulani ngakhale mawu akunjenjemera. Anthu a pakhonde paja akanandiseka mpaka madzulo basi, mawa lake akanaiwala. Ine ndinasankha kuti asandiseke, ndipo analipira ndi Patuma.

Kope limene ndikulembera pano ndalemba dzina langa pachikuto ndi zilembo zazikulu. Masamba awa ndawakopera kawiri. Ena ndi anuwa. Enawo ndawapinda, ndawaika m'thumba la yunifolomu ya Patuma pamsomali paja, kuti tsiku limene adzaitsitse adzawapeze. Amawerenga pang'onopang'ono masiku ano, koma adzafika pa liwu lija.