Kulema Si Matenda

Chizindikiro choyamba chinali mkodzo. M'mwezi wa Okutobala, Lusaka yonse ili moto, unayamba kutuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo unkawotcha. Sindinauze munthu. Mayi wamkulu ngati ine, nkhani ya mkodzo ndikanaiyamba bwanji?

Ndinkagwira ntchito yophika mabanzi ku Kabwata, kuseri kwa nyumba ya abwana athu amene tinkangowatcha Ba Madamu. Chipinda chake chinali cha malata, chopanda zenera, ndipo tinkaimirira pa uvuni mpaka dzuwa kulowa. Chimbudzi chathu chinali chokhoma, kiyi ali m'thumba mwa Ba Madamu. Ukawapempha kachiwiri ankakuyang'ana ngati waba. Chimbudzi chakecho chinali chonyansa: ntchentche, fungo, madzi osamba m'manja kulibe, kenako n'kubwerera kukakanda ufa wa buledi wa ana a anthu.

Ndiye tinapeza nzeru yopusa: kusamwa madzi. Tulo tikabwera, zakumwa zopatsa mphamvu. Msana ukawawa, mapiritsi.

Miyendo itayamba kulemera ndinadandaula kwa Ba Madamu. Iwo anati, "Kulema si matenda iwe. Bantu bambili bali pa geti, bafuna nchito."

Mu Novembala ndinayamba kutentha thupi ndi kusanza, m'chiuno mukubaya. Tsiku lina ndinagwa ndi thileyi m'manja. Mnzanga wa pa uvuni, Agness, ndiye ananditengera ku kiliniki. Tinakhala pa benchi mpaka masana, kenako a pa kilinikipo ananditumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko anandiika diripu, n'kutenga magazi ndi mkodzo. M'mawa uliwonse anesi ankayeza kutentha kwa thupi, ife n'kumadikira adokotala.

Adokotala anati matenda afika ku impso. "Amai, manzi mumamwa yambili bwanji pa siku?" Ndinati madzi ndimamwa kapu imodzi, ndikaweruka. Iwo anati, "Na mapilisi pamwamba? Mukanachedwako pang'ono, sembe tikamba vinangu."

Ba Madamu sanabwere kudzandiona. Anangotumiza uthenga pa foni wofunsa epuloni yawo. Ndinanyansidwa kuposa mmene chimbudzi chija chinkandinyansira.

Panopa ndili bwino, koma impso imodzi sinabwerere mwakale, ndipo ndimapitabe kukayezetsa. Ndimaphika masikono kwathu ku Libala, botolo la madzi lili pambali.

Tsiku lokabweza epuloni ndinapeza Agness milomo itauma, dzanja lili m'chiuno, monga ndinkagwirira ine. Sindinamufunse zambiri. Ndinamuvula epuloni yake, n'kuika zonse ziwiri pa tebulo. Ba Madamu anakuwa kuti, "Nanga mabanzi?" Ife tinatuluka pa geti paja, ndipo panalibe ngakhale munthu mmodzi wofuna ntchito.

Kuchipatala Agness anamupeza ndi matenda omwewo, koma iye anafika msanga, impso zake zonse n'zamoyo. Inu amene mumaima pa moto tsiku lonse, imwani madzi, ndipo thupi likalemera thamangirani kuchipatala. Mabanzi adzaphika ena, impso simudzaigula pa City Market.