Khutu Limene Ndinasiya pa Sipika ya a Levisoni

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene a Levisoni anabwera kudzandipempha kwa mayi anga. Sukulu sindinkaidziwa nthawi imeneyo. Kulemba kumene ndikulembaku ndinaphunzira imvi zitayamba kale, kusukulu ya kwacha. Ntchito yanga inali kubusa ng'ombe za eni ake m'mapiri a kwathu ku Mlangeni, ndipo chimene ndinkachidziwa bwino chinali babatoni. Ndinadzipangira ndekha ndi chigoba cha mtengo, chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali ndi waya mmodzi wa m'tayala lakutha. Babatoni umachita kumukhalira pamwamba. Ukakoka waya, mawu ake sadikira kuti afike m'makutu. Amalowera pamene wakhalirapo, n'kukwera ndi msana mpaka m'mano. Ukalakwitsa, thupi limakuuza anthu asanamve.

A Levisoni anali amuna a azakhali anga, a Nangozo. Anabwera kuchokera ku Joni ndi zinthu zimene mudzi wathu unali usanazionepo: gitala ziwiri zamagetsi, maiki, ampu yokwezera mawu yoyendera batire la galimoto, ndi sipika imodzi yotalika kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Anayambitsa bandi yoimba m'maukwati. Iwo ankaimba pamaiki, mnyamata wina dzina lake Jailosi ankaliza gitala, koma woliza besi, gitala ya mawu aakulu ija, analibe.

"Mwanayu dzanja ali nalo," anatero kwa mayi. "Ndimupatse besi yeniyeni, asiye kukhalira chikopa ngati nkhuku yofungatira mazira."

Mayi anavomera. Ine ndinasangalala mpaka kulephera kudya.

Tikamayeserera m'nyumba, zonse zinkayenda bwino. Vuto linaoneka pa ukwati woyamba umene tinakaimbako, pabwalo la tchalitchi cha kwathu konko. Sipika anaiika kutsogolo, kuyang'ana anthu, ife tili kumbuyo kwake. Besi ya magetsi umaikoleka paphewa, siigwedeza thupi. Ndikakoka waya, mawu ankathamangira kwa anthu, kukagunda khoma la tchalitchi, n'kubwerera kwa ine atachedwa. Ndinayamba kutsatira mawu ochedwawo, nyimbo n'kumakokeka ngati ngolo yolowa m'matope. A Levisoni anatembenuka n'kundiyang'ana ndi diso loipa.

Mantha anandiphunzitsa nzeru. Ndinawerama n'kutsamiritsa chibwano pathabwa la besi. Pomwepo ndinadzimva. Mawu anadutsa m'nsagwada, oyera, osachedwa, ndipo nyimbo inabwerera m'njira yake. Anthu anayamba kuvina. Ndinkaganiza kuti ndachita bwino.

Nyimbo itatha, a Levisoni sanazimitse maiki.

"Abale, taonani mbusa wangayu! Njala yamuvuta, wayamba kudya gitala yanga. Azimayi a kophika, mponyereni mbatata asanaimalize!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ndikukumbukira atsikana amene ndinkakumana nawo kudambo akuloza ndi zala, wina mpaka kugwira m'mimba. Kenaka a Levisoni anandigwira pakhosi pa malaya.

"Ukufuna kudzimva eti? Bwera udzimve."

Anandikokera kutsogolo, kundikhazika panjerwa, n'kukanikiza mutu wanga kuti khutu lakumanzere likhudze nsalu ya sipika. Anauza Jailosi kuti akweze ampu. Ndikati ndisendereko, ankandibweza ndi nsonga ya nsapato uku akuimba, anthu n'kumaona ngati ndi mbali ya masewero. Ndinaliza besi chikhalire pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Fumbi la ovina linkandilowa m'kamwa. Mutu unkamveka ngati mtondo umene akazi awiri akusinjamo.

Pobwerera kunyumba m'khutu munali nyenje yolira osapuma. M'mawa ndinapeza madontho a magazi pamphasa. Azakhali a Nangozo ndi amene anabwera kudzandiona. Anafunditsa mafuta a nsatsi, n'kumadontheza m'khutu ndi nthenga ya nkhuku, mutu wanga uli pamiyendo pawo. Chitenje chawo chinkanunkhira utsi.

"Usawasungire, mwana wa achimwene," anandinong'oneza kukhutu labwinolo. "Ndi mmene alili amuna angawa."

Nyenje ija inalira mpaka chimanga chinacha, kenaka inasiya. Itasiya, khutulo silinamvenso kanthu. A Levisoni atadziwa, anandipatsa dzina latsopano. Ndinasanduka Gonthi.

Mayi anati ndisiye bandi. Ndinakana. Iwo ankaganiza kuti ndikukonda nyimbo, koma ine ndinkafuna kukhala pafupi ndi munthu ameneyo mpaka nditapeza pomugwirira. Malo anga anakhala omwewo, panjerwa kutsogolo kwa sipika. Ndinkangolozetsa khutu lakufalo kumeneko, popeza panalibenso choti chiwonongeke.

Ndili pamenepo ndinazindikira chinthu. A Levisoni nawonso sankadzimva. Ankaima kumbuyo kwa sipika, ndipo mawu aang'ono, a gitala ndi a iwo eni, ankapita onse kutsogolo. Chimene chinkatuluka kumbuyo kwa bokosilo ndi kugwedeza nthaka pansi pa mapazi awo chinali besi yokha. Poyambira nyimbo ankatengera kwa ine, pokwera ndi potsika ankatsatira ine. Munthu wamkulu wa suti ankayenda ndi ine ngati wakhungu ndi ndodo yake, koma osadziwa. Ine, wokhala kutsogolo, ndi amene ndinkamva zimene anthu akumva.

Ndinasunga zimenezi mumtima ngati mbewu yosungira dzinja.

Mwayi unabwera pamene tinaitanidwa ku Kasinje, ku ukwati wa mwana wa mlimi wina wampunga wotchuka kuderako. Tinatsika mapiri palole, kusiya mphepo yakwathu n'kulowa m'kutentha kwa kuchigwa. Njira yonse a Levisoni ankangoti ukwati umenewu ukatitsegulira chigwa chonse, chifukwa makolo onse okhala ndi ana osakwatiwa adzakhalapo. Anavala suti yawo yoyera ya ku Joni.

Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango. Nthawi yolowetsa akwati inakwana, ija amayenda pang'onopang'ono moponda sitepe, maso onse ali pa iwo. A Levisoni anayamba nyimbo yawo yonyadira, maso ali chitsinzinire. Ndinawalola aimbe ndime yoyamba bwinobwino. Pa ndime yachiwiri ndinatsitsa chala changa malo amodzi okha pakhosi pa besi, n'kupitiriza kuliza ngati palibe chachitika.

Anatsika nane. Gitala ya Jailosi inatsala pamene inali, chifukwa iye ankangoyang'ana zala zake. Mawu awiriwo anawombana m'sipika moti mano anga anachita dzanzi. Ndinaona mkwati akutukula maso. Ndinakweza chala malo awiri. A Levisoni anakwera nane, mitsempha ya pakhosi itatuluka, mawu n'kusweka pakati. Iwo osamva kanthu, anatambasula dzanja kwa anthu monyadira.

Mayi wina wonenepa wa kuchikazi anaimirira pakati pa gulu.

"Mbuzi imeneyo mwaimangirira pati? Taimasulani, ikutiwonongera ukwati!"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo ndimakumvabe, ndipo sindinama, kumanditsekemerabe. Azimayi anayamba kuwomba m'manja, kuyambitsa nyimbo yawoyawo ya ukwati, nthungululu zili pamwamba. Malume ake a mkwati anazungulira kumbuyo n'kuzula waya kubatire. Sipika inati zii. Kunatsala mawu a a Levisoni okha, opanda chowaphimba, akulirabe okha m'mwamba mpaka anatsegula maso.

Pobwerera palole, titayamba kukwera phiri, a Levisoni anatembenukira kwa ife.

"Chachitika n'chiyani kodi?" anafunsa a Levisoni.

"Ine zala zanga zinali pamalo pake," anatero Jailosi.

"Nanga iwe Gonthi? Unali kutsogolo. Unamva chiyani?"

"Ine sindimva, bambo," ndinayankha mwaulemu wonse. "Munanena nokha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma analibe pondigwirira.

Mbiri inakwera phiri ife tisanafike. Ana ankati akawaona a Levisoni m'njira, ankabisala m'chimanga n'kumalira ngati mbuzi. Palibe anatiitananso. Zida anagulitsa chimodzichimodzi, sipika n'kukhala yomaliza, ndipo anayamba kucheza ndi kachasu kuyambira m'mawa. Azakhali a Nangozo, amene kale ankavala nsapato popita kutchalitchi, anayamba kuima m'mbali mwa msewu waukulu ndi chidebe cha mbatata, kuthamangira mabasi m'mphepo ya Juni. Ndikadutsa ankandiitana n'kundiponyera mbatata ziwiri m'thumba. "Khutu lija bwanji, mwana wa achimwene?" Ndikafika pamenepa poganiza, ndimadzuka n'kukafuna chochita panja.

Akulu ampingo andiuzapo kambirimbiri kuti munthu wamsinkhu wanga azikhululuka. Ndimawamvera ndi khutu limodzi limene ndili nalo. A Levisoni anamwalira osapepesa. Kumaliro ndinapita, dothi ndinaponya, koma misozi sinabwere ndipo sindinaiitane.

Chaka chathachi mdzukulu wanga Tadala, amene amaliza besi mu bandi ya tchalitchi chawo ku Boma, ananditengera kumene amayeserera. Ndinaona onse ali ndi tizinthu ting'onoting'ono m'makutu, kawaya kake kotsikira kukabokosi ka m'chiuno. Anandifotokozera kuti munthu wa pa mikisa, makina osakanizira mawu, amatumizira woimba aliyense zimene akufuna kumva, wa besi besi yake ndi ng'oma, woimba mawu ake, ndipo aliyense amadzichepetsera kapena kudzikwezera yekha.

"Agogo, tayesani," anatero, n'kundilowetsa timeneti m'makutu onse awiri.

Anakoka waya. Besi inalankhula m'kati mwa mutu wanga, pafupi, modekha, yosachedwa. Ndinamva ngakhale chala chake chikutsetsereka pawaya. Panalibe chopweteka.

"Mukumva bwanji?"

"Kumanja kokha."

"Aa, ndiye kuti kakumanzereko kafa. Dikirani ndikusinthireni."

"Kasiye, mwanawe. Kali bwinobwino."

Ndinatuluka panja ukali utandigwira. Unali ukali womwe uja wa panjerwa, wosakalamba n'pang'ono pomwe. Chimene mwana uja ankafuna, atatsamiritsa chibwano pathabwa, chinali chaching'ono chonchi, chokwana pansonga ya chala. Tadala ndinangomuuza kuti asamakweze kwambiri, ndipo wina akadzamuuza kuti akhale pamaso pa sipika, adzatule besi pansi n'kubwera kunyumba.

Tsopano ndikudziwa kuti woimba amene sadzimva moyo wake uli m'manja mwa mnzake, choncho usamachite chipongwe munthu amene akukusenza, ngakhale akhale mbusa wosavala nsapato. Ndikudziwanso kuti kubwezera kumakoma, amene amati sikukoma sanalawe. Koma sikutsegula khutu, ndipo sikusankha pogwera. Mutandibweza ku Kasinje lero, pansi pa mango aja, chala chija ndikhoza kuchitsitsanso. Chimene sindingathenso n'kutambasula thumba kuti azakhali aponyemo mbatata.