Makasu M'dimba la a Likoswe

"Anakutumani ndani? Ndikufunsa inuyo a David, musayang'ane nsapato. Anakutumani ndani kulowa ndi makasu m'dimba la achimwene anga?"

Ameneyo anali Matilda Likoswe, panja pa holo yomwe Amalawi a ku Newcastle amapemphereramo, Lamulungu lina la mu Meyi 2016. A David, tcheyamani wa gulu, anatambasula manja. "Koma sisi, timathandizatu. Munthu akadwala kwathu timamulimira. Talakwa pati?"

Kuti mumvetse pomwe analakwa, muyambe mwawadziwa a Edmund Likoswe.

A Edmund anakulira ku Likhubula, akunyamulira alendo zikwama paphiri la Mulanje. Ku Mangalande anafika ali bambo kale, ndipo mapepala awo anagona m'maofesi zaka ndi zaka. Ntchito osaloledwa, kumudzi osabwerera, mkazi mpaka anatopa n'kukwatiwa kwina. Munthu wa miyendo ya phiri kum'khazika m'kachipinda ku Benwell, mukuganiza mutu ungakhale bwino? Chinawapulumutsa ndi kadimba ka khonsolo, komanso mkulu wina wa dimba loyandikana nalo, mzungu wopuma pa ntchito ya m'migodi, amene ankalima maluwa a buluu otchedwa jenshani.

Poyamba a Edmund ankaseka. Munthu wamkulu kulima zosadya? Koma tsiku lina mkuluyo anawatengera ku mapiri a Teesdale, anakaona timaluwato mu udzu waufupi, mphepo ikuwomba ngati ya pa Lichenya, pamwamba pa phiri la Mulanje. A Edmund anakhala pansi n'kumangotiyang'ana. Pobwera kumeneko sanasekenso.

Mkuluyo atamwalira anawasiyira mitundu iwiri, ndipo a Edmund anaipatsa uliwonse bedi lake. Mapepala atatuluka anapeza ntchito yotsuka mabasi, koma akaweruka ulendo unali wa kudimba basi. Matilda, mlongo wawo amene amasamalira okalamba ku Gateshead, ankawanena. "Achimwene, mwalephera n'chiyani kudzala mpiru ngati anzanu?"

Iwo ankangomukoka dzanja. "Taona kaye. Iyi ndi ya m'mapiri ataliatali. Masamba ake sachoka, chisanu chibwere chipite, mizu ili pansi. Duwa lalikulu ngati lipenga, chaka ndi chaka pamalo pomwepo. Koma iyi inayi ndi ya kumpoto kwenikweni kwa dziko, kumene dzuwa lotentha limangodutsa. Ilibe nthawi yocheza. Imamera, kuchita maluwa, kutaya mbewu, n'kufa chaka chomwecho. Kaduwa kake sikaposa chikhadabo, ndipo mtambo ukangophimba dzuwa kamatseka. Mbewu imagona pamiyalapa nyengo yonse yozizira. Ikapanda kuzizidwa simera."

"Ndiye nthawi yachisanu pamakhala chiyani?"

"Miyala yokhayokha. Umangokhulupirira kuti zilipo."

Yoyambayo ankaisamala, koma yachiwiriyo ankaikonda. Aliyense anawaona atagwada pamenepo angakuuzeni.

Mu Febuluwale sitiroko inawagwetsa kuntchito. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatsala owerengeka. Amalawi sanawataye, zimenezo tisaname. Anapemphera, anasinthana kukawaona, kenako wina anakumbukira za dimba. Loweruka lina mu Epulo amuna ananyamuka ndi makasu enieni akwathu, aja anabwera m'masutikesi. Anapeza bedi lobiriwira, anati awa ndi maluwa, tisakhudze. Anapeza lina la miyala yokhayokha, ndi titsitsi tobiriwira apo ndi apo, anati mnzathuyu wadwala asanalime. Anakokola miyala yonse, kuituta pawilibala kukataya ku zinyalala, kugaula mozama, kuthira manyowa, kukweza mizere yowongoka ngati ya ku Thyolo, n'kufesa mpiru. Ankaimba. Anajambulitsa atakweza makasu, chithunzi n'kuchiponya pagulu la pafoni.

Matilda anachiona ali pa shifiti, akudyetsa gogo wina phala. Supuni inagwa. Mmawa mwake anapita kumalo otayira zinyalala, anapeza galimoto itatenga kale. Anagwada m'mizere muja kufukula ndi zala, ngati mbewu yaing'ono ngati ya fodya ingaoneke ndi maso.

Kuyambira pamenepo, Matilda akalowa m'wodi, a Edmund amalimbana ndi lilime mpaka atulutse mawu amodzi: "Zamera?" Iye amawakonzera pilo n'kuyankha kuti kukuzizirabe. Anapirira milungu ingapo osauza munthu, koma tsopano dzuwa likulowa pawindo la chipatala, ndipo a Edmund amaliyang'ana, kenako amayang'ana mlongo wawo.

"Tisonkha tigule zina," anatero a David, mawu atatsika. "Pa intaneti chilichonse chimapezeka."

"Zina?" Matilda anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Zija zinali zidzukulu za mbewu ya mnzawo, zodzifesa zokha pamiyala yomwe ija. Munthu uja alibe mkazi, alibe mwana, alibe phiri. Foni yanga nonse muli nayo. Kufunsa kokha kukanakuthyolani chiyani?"

Azimayi anaima ndi mabaibulo m'khwapa.

"Ine ndatopa kunamiza wodwala," anapitiriza Matilda. "Ndatopa. Mawa nthawi yoona odwala mubwere, a David, inuyo ndi aliyense ali pachithunzi chija. Mudzaime pafupi, mbali yomwe akumva. Akafunsa, muwayankhe nokha."