Mapepala Amene Abambo Anasuta

Ndikukumbukira nyumba za m'malaini pa esiteti yomwe ndinakulira, chakumunsi kwa Thyolo Boma. Khoma linali limodzi ndi anansi. Wina akatsokomola, laini yonse inkadziwa. Kutsogolo kunali tiyi, kumbuyo tiyi, ndipo chiperoni chikagwa masiku atatu zovala zonse zinkanunkha utsi chifukwa choziyanika m'nyumba.

Ndinali Sitandade 4. Aphunzitsi anga atasamutsidwa anandisiyira mabuku atatu a nkhani imodzi, chifukwa ndinkawerenga bwino kuposa onse m'kalasi. Sindikudzitama. Zinali choncho. Nkhaniyo inali ya mayi wina wolera ana asanu, mwamuna wake ali munthu wa mawu ambiri ndi ntchito yochepa. M'buku loyamba ana ankabadwa, m'lachiwiri ankakula ndi kuvuta, m'lachitatu mwana wachisamba anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi.

Amayi sankadziwa kuwerenga. Ankathyola tiyi, dengu kumsana kuyambira m'mawa. Koma Lamulungu tikabwerako ku tchalitchi ankayala mkeka pakhonde, lichero la nandolo pamiyendo, n'kunena kuti, "Wayisoni, mnzathu uja tinamusiya pati?" Dzina la mayiyo linalimo m'bukumo, koma palibe ankalitchula. Anali mnzathu basi.

Azimayi a pa laini anayamba kubwera, aliyense ndi nandolo wake wosenda. Sankamvera mwakachetechete ayi. Mwamuna waulesi uja akanena zake, wina ankati, "Ameneyo ndikumudziwa, amakhala laini yachitatu." Apongozi a m'nkhanimo akalankhula mwano, ndinkayenera kuima kaye kuti awayankhe. Woopsa pa onse anali amake Rute, a khomo loyandikana nafe. Mayi ameneyu ankakumbukira ngakhale chitenje chomwe munthu anavala pa ukwati wakalekale.

Titafika buku lachitatu, amayi anasiya kuseka. Achimwene anga a Fakisoni nawonso anali ku Joni, chaka chachiwiri osalemba kalata. Mwana wa m'bukumo akatchulidwa, manja a amayi ankaima pa lichero. Ankafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: kodi abwerera?

Abambo anali odulira tiyi, ndipo ankasuta chingambwe. Fodya ameneyu amafuna pepala lopichira, ndipo pepala m'malaini linali losowa. Loweruka lina nditatenga buku lija ndinamva kuti lapepuka. Kumapeto kunangotsala timizu ta mapepala. Abambo ndinawapeza kuseri kwa nyumba, utsi uli tolo.

"Abambo, mapepala a m'bukumu?"

"Ndinayambira dala kumbuyo," anatero. "Kutsogoloko sindinakhudzeko."

"Koma mathero a nkhani ali kumbuyoko."

Anayang'ana ndudu yawo. "Nanga munthu wanzeru amaika bwanji zofunika kumbuyo?" Kenako anatsitsa mawu. "Amako asamve. Si ndiwe wa sukulu? Uona chochita."

Lamulungu linafika. Ndinawerenga mpaka pepala lotsiriza lomwe linapulumuka. Mnzathu uja anali ataima pamsewu, basi ikubwera chapatali. Chiganizo chinathera pakati. Azimayi onse anali atasiya kusenda. Ndinakweza buku mpaka kumphuno kuti asaone, n'kupitiriza ngati palibe kanthu. Basi inaima. Mwana anatsika atavala suti. Padenga la basi anatsitsa njinga yatsopano, ndipo amayi ake anawafunditsa bulangete lofiira pamaso pa mudzi wonse. Nthungululu inamveka mpaka kufakitale. Amayi anangoti, "Eya," n'kuyamba kusenda mofulumira ngati nandolo akuthawa.

Ndinagona ndikudziyesa ngwazi. Cholakwa changa chinali kuiwala mmene nkhani imayendera m'munda wa tiyi. Anthu amathyola moyandikana tsiku lonse, manja ali pa ntchito, pakamwa pali pomasuka. Pofika Lamulungu lotsatira kunabwera azimayi a malaini ena omwe sindinkawadziwa n'komwe, ena ndi mikeka yawo. Ankafuna mathero aja okha.

Ndinakwezanso buku kumphuno. Poona khamu, mtima unandikula. Basi inaima, mwana anatsika, ndipo ulendo uno ndinamupatsa wailesi ndi makina osokera.

"Iwe Wayisoni," anatero amake Rute. "Njinga ija wagulitsa?"

"Njinga iti?"

"Sabata yatha mwana anatsika ndi njinga ndi bulangete lofiira. Lero makina. Kodi bukuli likumaswana?"

Amayi anatambasula dzanja. Ndinawapatsa. Kuwerenga sankadziwa, koma chala chomwe chimadziwa nsonga ya tiyi sichingalephere kudziwa pomwe pang'ambidwa. Anasisita timizu tija. Kenako anatembenukira pansi pa mtengo wa mapeyala, pomwe abambo anakhala ndi utsi wawo. Abambo anadzuka, n'kunena kuti pali munthu ayenera kukamuona kusitolo. Sindinawaonepo akuyenda liwiro lotero.

Ine ndinadikira ndodo. Kunama kunali mlandu, kunama pamaso pa alendo kunali mlandu wachiwiri. Amayi anatseka buku lija. Kenako anandibwezera.

"Werenga za njinga zija," anatero. "Makinawo uwachotse. Mwana wa munthu sanganyamule zonsezo yekha."

Ndinawerenga za njinga, amake Rute akundikonza pomwe ndaiwala. Alendo atapita, amayi anandikoka khutu kamodzi kokha. Abambo ndiwo analipira. Kuyambira tsiku limenelo anapichira fodya wawo m'makoko a chimanga mpaka imfa yawo, ndipo pepala lililonse lolowa m'nyumba linkagona m'thumba la amayi.

A Fakisoni anabwera patapita zaka zina ziwiri. Njinga analibe. Anali ndi chipewa, chifuwa, ndi dzino limodzi losowa. Amayi anavina pabwalo mpaka fumbi.

Chaka chatha mdzukulu wanga, yemwe amaphunzitsa ku Limbe, anapeza mabuku atatu athunthu a nkhani yomweyo kwa munthu wogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo. Ndinali nditamuuzapo nkhaniyi. Ndawawerenganso onse, magalasi pamphuno. Ndili mwana ndinkaseka mwamuna waulesi uja. Lero ndaona kuti m'mabuku atatu onse mayiyo sakhala pansi kupatula podwala. Zimenezo kale sindinaziwone, ngakhale amayi anga ankachita zomwezo pamaso panga.

Ndinafika pamsewu paja, basi ikubwera. Ndinatsegula pepala lomwe ndinalidikira moyo wanga wonse. Basi inaima. Amene anatsika anali mnzake wa mwanayo, atanyamula sutikesi ya mwanayo ndi uthenga wa maliro. Mayiyo anatsegula sutikesi, n'kugawira ana otsalawo malaya. Nkhani inathera pamenepo. Wolemba anaidziwa ntchito yake, sindingamunyoze.

Masiku ano m'malaini muli magetsi. Lamulungu aliyense amakhala ndi foni yake kumaso, palibe wodikira sabata yathunthu kuti amve za mnzake wa m'buku. Pepala likasowa lero, mwana angofufuza pa foni, ndipo mayi amva zoona tsiku lomwelo. Amayi anga akanamva za sutikesi ija, kenako n'kudikira a Fakisoni zaka ziwiri ndi nkhani imeneyo pamtima.

Ine ndinadzakhala kapitawo pa esiteti yomweyo mpaka kupuma. Funsani aliyense, bodza sindinkalilekerera, ndipo fodya sindinamulawepo. Koma mapepala amenewo abambo anachita bwino kuwasuta.